KUMENE TINGAONE ZITHUNZI ZA CLAUDE MONET

M'phunziro la lero tidzakamba za munthu wina wa ku France, dzina lake Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi ndi utoto, ndiponso za malo kumene zithunzi zake zimasungidwa. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a dziko lonse lapansi, apacikeni pakhoma tsopano, pakuti tidzachula maiko angapo, ndipo nkwabwino kuti ana aziloza dziko liri lonse pamene talichula. Lembaninso dzinali pa bolodi. Ngakhale kuti kumapeto kwake kuli t, eni ake a cinenero ca Cifalansa samamveketsa lembalo. Iwo amangoti "Mone".

Cifukwa cake tifunsa kuti ziri kuti

Ena a inu munalowapo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone, kapena ya ku Lusaka, kapena ya Moto Moto ku Mbala. Nyumba yotere ndiyo miziyamu. M'menemo amasunga zinthu zimene mtundu wa anthu sufuna kuti zitayike, ndipo amaziika poyera kuti munthu ali yense, wolemera ndi wosauka yemwe, abwere kudzaziona. Kuli miziyamu ina imene imasunga zithunzi zokhazokha, ndipo yotereyi ndiyo tidzayendere lero.

Buku limene muli kuwerenga m'kalasi linasindikizidwa kambirimbiri, kotero kuti mwana wa ku Chipata ndi mwana wa ku Lundazi ali nalo lofanana. Cithunzi ca utoto siciri cotero ai. Wojambula amacipaka ndi dzanja lake pa nsalu imodzi, ndipo cikatha cimakhala cimodzi cokha pa dziko lonse. Monet anajambula zithunzi pafupifupi 2,000, koma ciri conse ciri ndi malo ake amodzi, ndipo munthu wofuna kuciona ndi maso ayenera kudziwa kumene cinapacikidwa.

Monet anali yani?

Claude Monet anabadwira mu mzinda wa Paris pa 14 Novembala 1840, koma anakulira ku Le Havre, mzinda wa doko m'mbali mwa nyanja yamcere kumpoto kwa France. Ali mnyamata anali kujambula nkhope za anthu a mu mzindamo moseketsa, namagulitsa. Wojambula wina wamkulu kwa iye, Eugène Boudin, ataona luso lake anamtenga kupita naye kunja, kumagombe a nyanja, namphunzitsa kujambula zimene ali kuona pamaso pake.

Masiku amenewo akatswiri ambiri anali kumalizira zithunzi zao m'nyumba. Anali kukonda nkhani za mafumu, za nkhondo ndi za nthano zakale, ndipo anali kusalaza utoto mpaka njira za burashi zisaoneke. Cinthu cimodzi cacing'ono cinathandiza kusintha mwambo umenewu. M'caka ca 1841, munthu wa ku America dzina lake John Goffe Rand anatulukira njira yosungira utoto m'timachubu tonga tija ta mankhwala otsukira mano. Kuyambira pamenepo kunakhala kwapafupi kuti wojambula anyamule utoto wake m'thumba ndi kukagwira nchito kumunda kapena kumtsinje, utotowo osauma.

Tsono mvetsani bwino apa, pakuti ndipo pagona phunziro lonse. Taganizani za nkhokwe ya kwanu. M'mamawa dzuwa likamatuluka, udzu wa denga lake umaoneka wofiirira. Masana dzuwa liri paliombo, umaoneka wotuwa, ndipo cithunzithunzi cake cimabisala pansi pake. Madzulo umasanduka ngati wagolide, ndipo cithunzithunzi cimatalika kuloza kum'mawa. Nkhokwe ndi imodzimodzi, cimene casintha ndi kuwala. Monet anapereka moyo wake wonse pa kujambula kuwala kumeneko. Popeza kuwala sikudikira munthu, iye anali kupaka mofulumira, ndi mikwingwirima yaifupi ya mitundu yowala, ndipo kawirikawiri anali kujambula cinthu cimodzi kambirimbiri pa nthawi zosiyana.

Nyumba yoyamba: Musée Marmottan Monet

Ulendo wathu uyambire ku Paris, likulu la France, kumene kuli nyumba zitatu zimene wokonda Monet sayenera kuzilambalala. Yoyamba iri kumadzulo kwa mzindawo, pafupi ndi nkhalango yochedwa Bois de Boulogne, ndipo dzina lake ndi Musée Marmottan Monet. Palibe miziyamu ina pa dziko lapansi imene iri ndi zithunzi za Monet zoculuka koposa iyi. Ziripo pafupifupi 100. Zambiri mwa izo zinali za banja lake. Mwana wake, Michel Monet, ndiye anazisiyira nyumbayi pamene anamwalira m'caka ca 1966.

M'nyumba imeneyi muli cithunzi cacing'ono, ca masentimita 48 msinkhu ndi 63 m'lifupi, cimene Monet anajambula m'caka ca 1872. Cimaonetsa doko la Le Havre mbandakuca: nkhungu yotuwa, timabwato takuda, ndi dzuwa lofiira lozungulira ngati lalanje, kuwala kwake kuli kuvina pamadzi. Anacipatsa dzina lakuti Impression, soleil levant. Mau awiri otsirizawo atanthauza kutuluka kwa dzuwa, ndipo loyambalo litanthauza maonekedwe amene diso limagwira pa kuyang'ana koyamba, munthu asanayambe kuwerenga zingwe za ngalawa kapena mazenera a nyumba.

Pa nthawiyo ku Paris kunali cionetsero cacikulu ca zithunzi cochedwa Salon, ndipo oweruza ake anali kukana kawirikawiri zithunzi za Monet ndi anzake. Cotero m'mwezi wa Epulo 1874, iye pamodzi ndi Renoir, Pissarro, Sisley, Degas, Cézanne, mai Berthe Morisot ndi ena anakonza cionetsero caocao. Mtolankhani wina, Louis Leroy, ataona kacithunzi ka dokoko anakanyoza kuti nkosamalizika, ndipo potola dzina lake anacha gulu lonselo Impressionnistes. Dzina la cipongwelo linakakamira, iwo eni ake analilandira, ndipo lero ndi dzina laulemu.

Cithunzici ciri ndi cinsinsi cimene aphunzitsi angaonetse ana. Mukacisindikiza pa makina otulutsa zakuda ndi zoyera zokha, dzuwa lija limatsala pang'ono kuzimiririka, cifukwa Monet sanalipake mowala koposa thambo lolizungulira. Limaoneka ngati liri kuyaka cifukwa cakuti kufiira kwake kwakhala pakati pa mitundu yotuwa ndi ya buluu. M'mwezi wa Okutobala 1985, mbala za mfuti zinalowa m'nyumbayi usana ndi kuba cithunzici pamodzi ndi zina zisanu ndi zitatu. Apolisi anazipeza pa cilumba ca Corsica m'caka ca 1990, ndipo zinabwerera kwao.

Nyumba yaciwiri: Musée d'Orsay

Nyumba yaciwiri iri pakati pa mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Seine. Inamangidwa m'caka ca 1900 ngati sitesheni ya sitima za pamtunda, ndipo inasandulika miziyamu m'caka ca 1986. Muno ndimo muli zithunzi zambiri za Monet za pa unyamata ndi pa ukulu wake, zitapacikidwa pafupi ndi za anzake aja.

Funani cithunzi cochedwa La Pie, ca m'zaka za 1868 ndi 1869. Cimaonetsa munda wokutidwa ndi cipale cofewa, cimene cimagwa ku Ulaya m'nyengo ya cisanu ndi kuyeretsa dziko lonse mbee. Pa cipata ca mpanda patera kambalame kakuda ndi koyera, konga khwangwala wamng'ono. Yang'anani cithunzithunzi ca mpandawo. Anthu ambiri akafunsidwa mtundu wa cithunzithunzi amayankha kuti ncakuda, koma Monet anayang'anitsitsa naona kuti pa cipale ciri ca buluu, nacipaka comweco. Oweruza a Salon anacikana cithunzici m'caka ca 1869. Lero ciri pakati pa zokondedwa koposa m'nyumbayo.

Muli cinanso ca m'caka ca 1873, ca munda wa maluwa ofiira a kuthengo, mai ndi mwana ali kutsika kamtunda. Mulinso cina comvetsa cisoni: nkhope ya mkazi wake woyamba, Camille, ali gone pa mphasa ya imfa m'caka ca 1879, atamwalira ndi zaka 32 zokha. Ndipo muli zithunzi zingapo za khomo la chalichi cacikulu ca mzinda wa Rouen. Monet anajambula khomo limenelo nthawi pafupifupi 30 pakati pa 1892 ndi 1894, ali pa zenera la nyumba yoyang'anana nalo, akusintha nsalu pamene dzuwa linali kusuntha. Mukaziona ziri pamzere, cina ca buluu ca m'mamawa, cina cagolide ca dzuwa lowala, cina cotuwa ca tsiku la mitambo, mudzamvetsa zija tanena za nkhokwe.

Nyumba yacitatu: Musée de l'Orangerie

Mukaoloka mtsinje wa Seine kucokera ku Orsay mudzafika m'munda wa Tuileries, m'mene muli nyumba imene inamangidwa m'caka ca 1852 kuti izichinjiriza mitengo ya malalanje ku cisanu. Muno muli mphatso imene Monet anapatsa dziko lake.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba m'caka ca 1914, Monet ali nkhalamba ya zaka 73. Mkazi wake waciwiri, Alice, anali atamwalira m'caka ca 1911, mwana wake woyamba, Jean, anamwalira kumayambiriro kwa 1914, ndipo Michel anapita ku nkhondo. M'zaka zowawa zimenezo iye anadzitsekera pa mudzi pake namajambula dziwe la akakombo a m'madzi pa nsalu zazikulu koposa. Nkhondo inaleka ku Ulaya pa 11 Novembala 1918. Ndiyo nkhondo yomwe ija imene gulu lotsiriza la asilikali a Germany m'Africa linadzagonjera ku Mbala pa 25 Novembala caka comweco. M'mawa mwake mwa tsiku la mtenderelo, pa 12 Novembala, Monet analembera kalata bwenzi lake Georges Clemenceau, nduna yaikulu ya boma la France, kuti afuna kupereka zithunzi kwa mtundu wake monga cikumbutso ca kutha kwa nkhondo.

Zithunzizo ziripo zisanu ndi zitatu, zopangidwa ndi nsalu 22 zolumikiza. Msinkhu wake ndi pafupifupi mamita awiri, ndipo mukaziika pamzere umodzi zingatalike mamita 91, kutsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira. Zinamatidwa pa makoma a zipinda ziwiri zozungulira ngati dzira, ndipo kuwala kwa dzuwa kumalowera kudenga. Munthu akaima pakati, madzi amamzinga mbali zonse. Saona gombe kapena thambo, koma mitambo ndi mitengo amaiona m'madzimo monga m'kalirole. Zipindazi zinatsegulidwa m'mwezi wa Meyi 1927, patapita miyezi isanu Monet atamwalira pa 5 Disembala 1926. Popeza nzomatidwa kukhoma, sizibwerekedwa ku miziyamu ina. Wofuna kuziona ayenera kufika komweko.

Mudzi wa Giverny

Dziwe limene tachulali liripo mpaka lero, pa mudzi wa Giverny, mtunda wa makilomita pafupifupi 75 kucokera ku Paris. Monet anasamukira kumeneko m'caka ca 1883, nagula nyumbayo m'caka ca 1890. M'caka ca 1893 anagula dambo la pafupi, napatutsa madzi a kamtsinje, nakumba dziwe, namanga kamlatho kokhota monga timilatho ta ku Japan. Anthu ena a m'mudzimo anadandaula poopa kuti maluwa acilendo adzaipitsa madzi amene ziweto zao zinali kumwa, koma boma linamlola. Zithunzi za akakombo zimene anajambula pa dziwe limeneli ziripo pafupifupi 250.

Nyumba ndi munda zinatsegulidwa kwa alendo m'caka ca 1980. Koma cenjerani, safunsa anadya phula. Zithunzi za Monet zimene ziri pa makoma a nyumbayi nzotengera cabe. Zenizeni ziri m'miziyamu. Ku Giverny munthu amapita kukaona munda, dziwe ndi mlatho, ndiponso zithunzi zosindikiza za ku Japan zimene Monet anali kusonkhanitsa. Malowa amatseka m'nyengo yao ya cisanu, ndipo amalandira alendo kuyambira ca m'Epulo mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Akakombo amacita maluwa m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, pamene kumeneko kuli kotentha ndipo kwathu kuno tiri kuotha moto.

Pa mudzi pomwepa Monet anakumana ndi tsoka loopsa kwa munthu wa nchito yake. M'caka ca 1912 madokotala anampeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Pang'ono ndi pang'ono mitundu inayamba kumsokonekera, ndipo zithunzi za mlatho zimene anajambula ca m'ma 1920 ziri zofiira ndi zoderapo, mlathowo osadziwika bwino. Anacitidwa opaleshoni m'caka ca 1923, napitiriza kujambula. Zambiri za zithunzi za m'nyengo ya ng'alayi ziri ku Marmottan, nyumba imene tinayambira, kotero kuti m'nyumba imodzi munthu amaona diso la Monet liri lakuthwa ndiponso litacita nkhungu.

Tsidya la nyanja: Britain

Tsopano lozani pa mapu dziko la Britain. M'caka ca 1870, pamene France inali kumenyana ndi Prussia, Monet anathawira ku London. Kumeneko anadziwana ndi Paul Durand-Ruel, wamalonda wa zithunzi, amene anayamba kumgula zithunzi pa nthawi imene ena onse anali kuziseka. Monet anabwereranso ku London katatu pakati pa 1899 ndi 1901, najambula mtsinje wa Thames, milatho yake ndi nyumba ya malamulo ziri m'nkhungu ndi utsi.

Ku London pitani ku National Gallery, pa bwalo la Trafalgar Square, kumene munthu salipira poona zithunzi za nyumbayo. Muli cithunzi ca dziwe ndi mlatho wa ku Giverny ca m'caka ca 1899, ndi cina ca mtsinje wa Thames ca m'nthawi ya kuthawa kwake. Muli cina cacing'ono ca m'caka ca 1870, ca amai awiri atakhala pa gombe la Trouville. Mu utoto wake munakakamira timcenga, umboni wakuti anacijambulira pa gombe pomwepo mphepo iri kuomba. Timcenga timeneto simungatione bwino m'buku. Ku Wales, mu mzinda wa Cardiff, miziyamu ya dzikolo iri ndi zithunzi za akakombo ndi za mzinda wa Venice, zimene akazi awiri apacibale, Gwendoline ndi Margaret Davies, anagula ndi cuma cao ndi kusiyira mtundu wao.

America ndi Japan

Mwina mudzadabwa kumva kuti zithunzi zambirimbiri za Monet ziri ku United States of America, dziko limene iye sanapondemo phazi. Cifukwa cake ndi ici: m'caka ca 1886, Durand-Ruel ananyamula zithunzi za Monet ndi anzake kukazionetsa ku New York, ndipo anthu acuma a kumeneko anazikonda ndi kuzigula pamene miziyamu ya ku France inali kuzengereza. Pambuyo pake ambiri a iwo anazipereka ku miziyamu ya mizinda yao.

Art Institute of Chicago iri ndi zithunzi zake zoposa 30. Pakati pa izo pali zisanu ndi cimodzi za milu ya tirigu, imene alimi a ku Giverny anali kuunjika m'minda atakolola, yooneka ngati nkhokwe zathu. Monet anajambula miluyo nthawi pafupifupi 25 m'zaka za 1890 ndi 1891, padzuwa, pa cipale, m'mamawa ndi madzulo. Museum of Fine Arts ya ku Boston nayonso iri ndi zoposa 30. Ku New York ziri ku Metropolitan Museum of Art ndi ku Museum of Modern Art. Ku Washington, mu National Gallery of Art, muli cithunzi ca m'caka ca 1875 ca Camille atagwira ambulera pa kamtunda, mphepo iri kuulutsa covala cake, mwana wao Jean ataima pambali.

Cimodzi ca zithunzi za milu ya tirigu cinagulidwa ku New York m'caka ca 2019 pa mtengo woposa madola mamiliyoni 110, ndipo cinapacikidwa mu Museum Barberini ku Potsdam, m'dziko la Germany. Kumbukirani kuti mwini wake, ali mnyamata, nthawi zina anali kusowa ndalama ya lendi ndi ya utoto. Pa mitengo yotere palibe mphunzitsi kapena mlimi angagule cithunzi ca Monet. Ncifukwa cake miziyamu iri yofunika: cithunzi cikalowa m'nyumba ya munthu mmodzi cimaonedwa ndi banja limodzi, koma cikalowa m'miziyamu cimakhala ca onse.

Monet anali kukonda luso la anthu a ku Japan, ndipo iwonso anamkonda. Ku Tokyo, National Museum of Western Art, imene inatsegulidwa m'caka ca 1959, iri ndi zithunzi zimene Kojiro Matsukata anagula, zina kwa Monet mwini wake ku Giverny. Pa cilumba ca Naoshima pali Chichu Art Museum, yomangidwa pansi pa nthaka, m'mene zithunzi zisanu za akakombo zimaonedwa ndi kuwala kwa dzuwa kolowera kudenga, ndipo alendo amavula nsapato zao asanalowe m'cipindaco.

Nanga kuno ku Africa?

Monet anakhalako ku Africa. M'caka ca 1861 anatumizidwa ku Algeria monga msilikali, ndipo anabwerera kwao m'caka cotsatira atadwala. Atakalamba ananena kuti kuwala ndi mitundu imene anaona kumeneko ndiyo inali mbeu ya nchito yake ya m'tsogolo. Dzuwa limene linatsegula maso ake ndi lomweli limatiwalira ife tsiku ndi tsiku.

Zithunzi zake ziriponso m'Africa muno, ngakhale nzowerengeka. Miziyamu ya zithunzi ya mu mzinda wa Algiers iri ndi cina ca matanthwe a m'nyanja. Ku Egypt, m'dera la Giza pafupi ndi Cairo, ziri mu Mohamed Mahmoud Khalil Museum. Kufupi kwathu kuno, Johannesburg Art Gallery ya ku South Africa iri ndi cithunzi cochedwa Le Printemps, ndiko kuti nyengo ya mphukira. Zithunzi za nyumba imeneyi zakhala zikuyenda ku zionetsero za maiko ena, monga ku Italy. Miziyamu yonse imabwerekana zithunzi motero, cotero wofuna kuona cithunzi cakuti ayambe wafunsa ngati ciripo asanagule tikiti.

Kaonedwe kake

Tinene kuti tsiku lina mwafika pamaso pa cithunzi ca Monet. Musafulumire, akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Coyamba senderani pafupi, koma osakhudza, pakuti thukuta la m'manja limaononga utoto. Mudzaona madontho ndi mikwingwirima yokhayokha, ngati munthu anali kungopukutira burashi. Tsono bwererani m'mbuyo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi. Madontho aja adzalumikizana m'maso mwanu, ndipo mudzaona madzi, maluwa ndi mitambo. Kenaka dzifunseni mafunso atatu: Kodi inali nthawi yanji ya tsiku? Kodi dzuwa linali mbali iti? Kodi zithunzithunzi ziri za mtundu wanji?

Ambiri a ife sitidzafika ku Paris kapena ku Chicago msanga. Komabe miziyamu yambiri imene tachula inaika zithunzi zake pa intaneti, ndipo mphunzitsi amene ali ndi foni kapena kompyuta angazionetse kwa ana. Pamenepo mungathe kucita cinthu cimene ngakhale mlendo wa ku Paris sangacite tsiku limodzi. Monet anajambula sitesheni ya sitima ya Saint-Lazare nthawi 12 m'caka ca 1877; cithunzi cina ciri ku Orsay, cina ku Marmottan, cina ku London, cina ku Chicago. Zisonkhanitseni zinaizo, ana aziyerekeze utsi ndi kuwala kwake.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, sankhani cinthu cimodzi ca pa sukulu, kaya mtengo wa mango, kaya culu, kaya nyumba ya mphunzitsi wamkulu. Mwana ali yense akhale ndi mapepala atatu, ndipo alembe cizindikiro pansi pamene waima, kuti azibwerera pomwepo. Ajambule cinthuco m'mamawa asanalowe m'kalasi, acijambulenso masana, ndiponso madzulo asanapite kwao. Nthawi iri yonse apatseni mphindi 15 zokha, cifukwa kuwala kumasintha. Ngati mulibe utoto kapena makrayoni, makala, katondo, phulusa ndi masamba osinja zidzathandiza. Muwauze kuti asayang'ane dzuwa lenileni, pakuti limaononga maso. Ayang'ane pamene kuwala kwake kwagwera. Muwauzenso kuti apake mtundu umene ali kuona, ngakhale utasiyana ndi umene anali kuganiza.

Akatha, pansi pa pepala liri lonse alembe dzina lao, tsiku ndi ora, monga amacitira m'miziyamu. Pacikani mapepalawo pakhoma atatuatatu, ndipo muitane ana a makalasi ena adzaone ngati angadziwe ca m'mamawa ndi ca madzulo popanda kuwerenga ora.

Mafunso

1. Kodi Claude Monet anabadwa liti, ndipo anamwalira liti?
2. Kodi dzina lakuti Impressionnistes linacokera kuti?
3. Chulani nyumba zitatu za ku Paris kumene kuli zithunzi za Monet.
4. Ncifukwa ciani zithunzi za ku Orangerie sizingaonedwe kwina?
5. Kodi mlendo wopita ku Giverny adzaonako ciani, nanga sadzapezako ciani?
6. Fotokozani m'mene zithunzi zambiri za Monet zinafikira ku America.
7. Lozani pa mapu maiko atatu a m'Africa amene ali ndi zithunzi zake.

Lero tilekeze pamenepa. Popita kwanu madzulo ano, yang'anani cithunzithunzi ca mtengo pa njira, ndipo mawa mukauze aphunzitsi mtundu umene munaona. Tsalani bwino nonse.